Maphunziro a Loweruka aja a kalankhulidwe: alipo wina anayesako kunyumba?

Make Tadala, Chilomoni: Moni nonse pagulu pano. A admin mundikhululukire ngati nkhaniyi si ya pano, koma yandikhala pakhosi sabata yonse. Masabata atatu tsopano ndikupita ku maphunziro a Loweruka m'mawa ku holo ya tchalitchi kwathu kuno, ophunzitsa kulankhulana mopanda nkhanza. Anachita kundikoka ndi mnzanga wa ku banki mkhonde. Ine ndinkati nkhanza ndiye kumenya, ndipo chibadwire sindinamenyepo munthu, ndikatani kumeneko? Tsiku loyamba lomwelo ndinabwerako nditazizidwa thupi. Alipo wina pano anaphunzirako zimenezi?

Wa Kabaza pa Roundabout: Funso loyamba amayi, kuli alawansi? kkkk

Make Tadala, Chilomoni: Kulibe achimwene. M'malo mwake timasonkha tokha ya tiyi ndi mandasi.

Wa Kabaza pa Roundabout: Ndiye ndatuluka.

Make Tadala, Chilomoni: Dikirani kaye mumve. Amayi otsogolera anatigawira timapepala, akuti aliyense alembe chiganizo chimodzi chokhudza munthu amene amamupsetsa mtima, osatchula dzina. Ine sindinachedwe n'komwe. Ndinalemba kuti, "Bambo a kunyumba sandilabadira, nthawi zonse amabwera usiku ngati nyumba ino ndi resitihausi." Kenako akuti, tsopano fufutani chilichonse chimene kamera ya foni singajambule. Kusalabadira kamera ingajambule? Ndinafufuta. "Nthawi zonse"? Akuti werengani masiku. Nditawerenga pa zala ndinapeza kuti sabata imeneyo anachedwa Lachiwiri ndi Lachinayi basi. Resitihausi ija ndiye ndinafufuta ndekha asanafike pampando wanga. Chotsala chinali ichi: Lachiwiri ndi Lachinayi anafika 10 koloko itadutsa, foni osaimba. Kachiganizo kowonda, kopanda mchere, koma palibe angakatsutse.

Kenako anandifunsa kuti zimenezo zikachitika mumtima mwanga mumakhala chiyani. Ndinati ndimamva kuti akundipeputsa. Amayi aja anaseka, akuti umenewo ndi mlandu womwe uja, mwangouveka chitenje china. Kupeputsa ndi zimene mukuganiza kuti iwo akuchita, ine ndikufunsa za inu. Ndinakhala chete kanthawi. Zoona zake n'zakuti ndimakhala ndi mantha. Kanjira kochokera pa siteji kutsikira kwathu n'kamdima, ndipo mwezi watha mnyamata wa aneba anamulanda foni pomwepo. Koma pazaka zonse za ukwati wathu mawu akuti mantha sanatulukepo pakamwa panga. Akangogogoda, chimene chimatuluka ndi "mwakumbukira kuti muli ndi banja?"

Wa Kabaza pa Roundabout: Lachiwiri ndi Lachinayi? Umenewo ndi mpira wa ku Ulaya amayi, musavutike n'kufufuza.

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Make Tadala, zimene mukufotokozazo ndazizindikira. Njirayi anaiyambitsa Marshall Rosenberg, katswiri wa za maganizo wa ku America. Anabadwa mu 1934, anamwalira mu 2015. Banja lawo linasamukira ku Detroit mu 1943, chaka chomwe mumzindawo munabuka zipolowe za kusankhana mitundu zimene zinaphetsa anthu, ndipo funso lakuti n'chiyani chimamufikitsa munthu pochitira mnzake nkhanza linamukhala kuyambira ali mwana. Anaphunzirako kwa katswiri wina wa za maganizo, Carl Rogers, ndipo mu 1984 anakhazikitsa bungwe la Center for Nonviolent Communication. Mwa masitepe ake anayi inu mwatchula awiri, kunena chimene chachitika popanda kuweruza, ndi kutchula mmene ukumvera. Otsalawo ndi kutchula chimene ukusowa, ndi kupempha chinthu chenicheni chimene mnzako angachite. Pophunzitsa ankavala zidole kumanja, nyamalikiti ndi nkhandwe. Nkhandwe ndi kalankhulidwe koluma, koweruza. Nyamalikiti anaisankha chifukwa cha mtima wake waukulu ndi khosi lotha kuona patali.

Make Tadala, Chilomoni: Eya, zidolezo zilipo! Za kwathu kuno anasoka ndi masokosi. Nkhandweyo ikuoneka ngati khoswe koma timangovomereza.

Wa Kabaza pa Roundabout: Nyamalikiti ine ndinangoiona pa TV.

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Tsikani ku Chikwawa ndi njinga yanuyo. Ku Majete anabweretsako mu 2018.

Mkulu wa ku Ndirande: Ndalondola bwino lomwe, koma ine zimenezi zikundinunkhira chizungu. Mkazi wanga andikhazike pansi n'kuyamba "ndaona izi, ndikumva izi, ndikusowa izi" ngati akudzaza fomu ya kuchipatala? Mawa lake mwana nayenso adzabwera, "adadi, ndikumva kukhumudwa mukandituma ku chigayo." Tikupita kuti? Ife tinakula akationa ndi diso lokha timadziwa chochita, ndipo tinakula bwinobwino.

Make Tadala, Chilomoni: Bambo, sindinadzaze fomu ayi. Ndikuuzeni mmene zinayendera. Ndinadikira adye, asambe, ana agone. Ndinakhala pamkeka monga mwa masiku onse. Ndinati, "Bambo a Tadala, Lachiwiri ndi Lachinayi munafika 10 itadutsa. Ine nthawi imeneyo sindigona, ndimakhala ndi mantha ndi kanjira kaja kuyambira pomwe anamulanda foni mwana wa aneba. Ndimangofuna kudziwa kuti muli bwino. Kodi zingatheke kuti ikamakwana 8 musananyamuke muzindifulasha?" Anasiya kutokosa mano, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Kodi mwayamba kupita kwa sing'anga uti?" Tinaseka tonse. Atagona kale m'pamene anati, "Ine ndimaona ngati mumangokonda kulongolola." Sabata ino afulasha kawiri, tsiku lina anaiwala. Ndipo achimwene a kabaza, Lachinayi unalidi mpira. Lachiwiri inali ovataimu.

Wa Kabaza pa Roundabout: Ndinanena ine!!

Nkhoswe ya ku Bangwe: Ndiyankheko a ku Ndirande, poti msinkhu wathu ndi umodzi. Ine unkhoswe ndauyenda zaka zoposa makumi awiri, wa ana a mlongo wanga ndi wa kumpingo. Zambiri zimene amayiwa akunena si zachilendo kwa ife. Pa bwalo labwino wodandaula amalankhula mpaka atatha yekha, palibe womudula. Akatha, wina amabwereza, "mwati chakuti n'chakuti, ndanama?" Mwini wake akavomera m'pamene winayo amayankha. Zimenezo makolo athu ankazidziwa mzunguyo asanabadwe.

Koma tisadzinamize. Pali pamene ife ankhoswe timaphonya, ndipo ndaphonyapo ndekha. Timafika panyumba titafunsa kale mumtima kuti wolakwa ndani. Tikamupeza timamudzudzula, winayo timamuuza kuti banja n'kupirira, tikudya nkhuku, tikupita. Pakatha miyezi iwiri atiitananso, nkhani yomweyo. Chifukwa funso lakuti "kodi iwe kwenikweni ukusowa chiyani m'nyumba muno" sitinafunse aliyense. Banja lina linkakangana za ndiwo chaka chathunthu. Mwamuna akuti mkazi amawononga ndalama, mkazi akuti mwamuna ngwoumira. Tsiku lina nditatopa ndinangomufunsa mkaziyo kuti, mwana wanga, tisiye za ndiwo, chikukuwawa n'chiyani? Akuti, "Amandipatsa ndalama powerengera pamaso pa alamu anga, ngati wantchito." Nkhani yonse inali ulemu. Ndiwo zinangosenza mlandu.

Mkulu wa ku Ndirande: Pamenepo ndavomera. Koma za ana sindinasinthe maganizo.

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Za anazo ndili ndi kanthu kamene kamandizunguza mutu, ndipo kali m'chilankhulo chathu chomwechi. Taonani mawu akuti kumva. Kumva ndi khutu n'kumva. Kumva kuwawa n'kumva. Kumvetsa nkhani timati ndamva. Kumvera lamulo n'kumvanso. Ndiye kholo likamati "mwana uyu samva," likutanthauza kuti sachita zimene ndamuuza. Tikamati "wamva?" kumapeto kwa chidzudzulo sitikufunsa funso, tikutseka nkhani. Ine m'kalasi mwanga mwa ana oposa 90 mawu amenewa ndimawanena mwina ka 50 patsiku. Koma ndi kangati pamene ine ndamumva mwanayo? Kamtsikana kena kankagona m'kalasi tsiku lililonse ikamakwana 10. Teremu yonse ndinkakatcha kaulesi. Nditasiya mawu akuti ulesi n'kungonena kuti, "Masiku anayi sabata ino wagona nthawi ya masamu, chikuchitika n'chiyani?" kanandiuza kuti kamadzuka 3 koloko kukaima pamzere wa madzi ku kiyosiki. Sindinathetse vuto la madzi, ine si wa mipope. Koma ndinasiya kukaimika kutsogolo kuti anzake akaseke.

Ndiye a ku Ndirande, mwana apitebe ku chigayo. Palibe akunena kuti asatumidwe.

Tenanti wa ku Mbayani: Ine ndinayesa ndipo zinakanika, ndiye musamangotamanda. Mlongo wanga ndi amene amapita ku maphunziro ngati amenewo, anandilembera masitepe anayiwo pakapepala. Pa pulotu pathu nyumba zitatu mita ndi imodzi. Timasonkha mofanana kugula mayunitsi, koma amayi a nyumba yapakati amaphikira nyemba pa hotipuleti. Nyemba, abale anga! Maola atatu! Mayunitsi a mwezi amatha pa 18. Ndinapita mwaulemu, kapepala kali m'thumba. Ndinati mwezi uno mayunitsi atha pa 18, ndipo masiku asanu ndaona hotipuleti ili yoyaka masana onse, ndili ndi nkhawa chifukwa ndalama yanga ndi yowerengeka, ndikupempha kuti nyemba muziphikira pa mbaula. Mukudziwa anandiyankha chiyani? "Nkhawa yanuyo mupite nayo kuchipatala." Basi.

Wa Kabaza pa Roundabout: kkkkkk amayi amenewo ndi nkhandwe yeniyeni

Make Tadala, Chilomoni: Pepani achimwene. Ndiye inu munatani atatero?

Tenanti wa ku Mbayani: Ndinawauza kuti ndi mbava, akudya thukuta la anzawo. Mpaka alandilodi anatuluka.

Make Tadala, Chilomoni: Musandikwiyire, koma zimenezi anatiphunzitsa Loweruka lapitali. Akuti ukafuna kudziwa ngati unapempha kapena unalamula, uone zimene umachita munthu akakana. Akakana iwe n'kutukwana, ndiye kuti linali lamulo, unangoliyambitsa ndi "chonde." Ine zinandilasa chifukwa mapempho anga ambiri kwa Tadala ndi otero.

Tenanti wa ku Mbayani: Ndiye ndizingovomera kulipirira nyemba za eni ake?

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Ayi. Chosowa chanu chili pomwepo, simukuchitaya. Koma mbaula ndi njira imodzi chabe yochipezera. Inu munapita ndi yankho lokonzakonza, amayiwo mbali yawo inali kungosaina. Munawafunsa chifukwa chimene sakolezera makala? Theka la njirayi ndi kulankhula, theka linalo ndi kumvetsera, ndipo kapepala ka mlongo wanu kanali ndi theka loyamba lokha.

Tenanti wa ku Mbayani: Kufunsa munthu amene wanditumiza kuchipatala? Ndiona.

Admin: Pali mayi wina wa pagulu pano wandilembera kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Akuti: "Amuna anga akamwa amandimenya, chaka chino kachitatu. Akuti ndimawayankha mwamwano. Kodi ndikaphunzira kulankhula bwino kumeneko asiya?"

Namwino wa Usiku: Ndinali kungowerenga osalemba, koma apa ndiye ndilankhule. Amayi inu, kumenyedwako sikukuchokera pakamwa panu. Musapite ku maphunziro aliwonse ndi maganizo akuti mukakonza mawu anu ndiye kuti zibakera zitha. Ndaona amayi ambiri obwera usiku ndi nkhope yotupa, ofatsa kuposa tonse pano, akunena kuti anagwa pa bafa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chikalata chokutetezani. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli One Stop Centre, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamalo amodzi. Pa foni mukhoza kuimba 5600 mwaulere pa nkhani za nkhanza, ndipo 116 ndi ya ana. Uzaniko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo mudziwiretu kumene mungathawire usiku. A admin, apatseni nambala yanga kumbali.

Ndipo inu otsogolera maphunziro oterewa, ngati alipo akuwerenga, muzinena zimenezi tsiku loyamba. Mayi womenyedwa akamva kuti "mvetsetsa chosowa cha mnzako" akhoza kubwerera kunyumba atasenza mlandu wina pamwamba pa umene ali nawo kale.

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Zoona zokhazokha. Rosenberg mwini wakeyo ankasiyanitsa mphamvu yogwiritsa ntchito poteteza moyo ndi mphamvu yolangira. Sananene kuti munthu aime chilili akumenyedwa.

Nkhoswe ya ku Bangwe: Ndi ife ankhoswe tamva. Mawu aja akuti za m'banja sazitulutsa panja aika anthu ambiri m'manda. Amayi inu, nkhoswe ikakuuzani kuti pirirani pa nkhani ya kumenya, ipitirireni.

Mkulu wa ku Ndirande: Mwamuna womenya mkazi ndi wamantha. Pamenepo palibe za chizungu kapena za chikuda.

Achemwali a ku Chilobwe: Ndabwera mochedwa, ndawerenga zonse. Ine chimene ndinatolako ku maphunziro otere si kulankhula, koma kukhala chete. Namondwe Freddy atatigwera mu March 2023, matope atatsika m'phiri la Soche usiku, mnzanga wa kwaya anataya ana awiri. Tili ku kampu kusukulu, aliyense wobwera ankamuuza zomwezo. Limbani mtima. N'chifuniro cha Mulungu. Mukadali wamng'ono mudzabereka ena. Ine ndemwe ndinanenako. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pakhoma. Patatha miyezi, nditaphunzira kuti kumvetsera si kupereka malangizo kapena kutonthoza mothamanga, ndinapita kukamuona komwe ankachita lendi. Tinakhala pakhonde tikusankha mpunga. Anayamba kunena za usiku uja, kuti wamng'onoyo anamugwira dzanja kenako sanamugwirenso. Pakamwa panga panadzaza mawu otonthoza, ndinawameza. Ndinangoti, "Ukumadzifunsa ngati ukanagwiritsa." Anandiyang'ana, akuti, "Tsiku lililonse." Analira mpaka mpunga tinausiya. Pochoka anandiuza kuti chichitikireni palibe anamulola kufika pamenepo, aliyense ankamubweza panjira ndi "limba mtima."

Sindikuti mawu achipepeso ndi oipa. Pamaliro timafunika kunena kanthu. Koma nthawi zina timawanena kuti ifeyo tipepukidwe.

Make Tadala, Chilomoni: Achemwali, ndasowa chonena. Mulungu amusunge mnzanuyo.

Mtengwa Watsopano, Zingwangwa: Pepani kubweza nkhani kumbuyo. Nanga kwa apongozi zimatheka? Apongozi anga aakazi anabwera kudzathandiza chikuta, mwana tsopano ali ndi miyezi isanu, sanapitebe. Amalowa kuchipinda kwathu osaodira, amatsegula mapoto, dzulo amupatsa mwana phala pomwe kusikelo anatiuza kuti miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha. Ndingawakhazike pansi n'kuwauza mmene ndikumvera? Ine ndiye sindingathe, ngakhale kuwayang'ana kumaso sindiwayang'ana.

Nkhoswe ya ku Bangwe: Usatero mwana wanga, ungayatse moto wosazimitsika. Apongozi sawauza maso ndi maso, koma sindiye kuti uzifera mkati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zinayi zomwezo zikhoza kuyenda pa msana wa munthu wina. Khala ndi mwamuna wako, umuuze zimene zachitika, masiku ake, osati "amayi ako ndi ovuta," chifukwa ukangotero iye aima kumbali ya mayi ake, ndipo sindingamudzudzule. Umuuze chimene ukuopa ndi chimene ukupempha. Iye kapena nkhoswe ndiye akafikitse, m'mawu oyenera akuluakulu. Za phalazo musachedwe nazo. Tsiku la sikelo uwapemphe akuperekeze, akamve okha kwa anamwino. Mawu omwewo akachokera kwa wovala yunifolomu amalowa bwino kuposa ochokera kwa mtengwa.

Ndipo uganizirenso kuti mayi amene wakhala miyezi isanu osabwerera kumudzi mwina kumudziko kulibe womudikira.

Mtengwa Watsopano, Zingwangwa: Apongozi aamuna anamwalira chaka chatha. Sindinaganizepo motero.

Namwino wa Usiku: Za sikelozo ndagwirizana nazo. Abwere nawo, timadziwa kolankhula nawo agogo.

Mkulu wa ku Ndirande: Make Tadala, amuna amapitako kumeneko? Ndikufunsira munthu wina.

Make Tadala, Chilomoni: Mwa anthu ngati 25, amuna ndi anayi, ndipo mmodzi ndi mlonda wa paholopo amene amangomvetsera ali pakhomo. "Munthu winayo" muuzeni kuti timayamba 9 koloko, abwere ndi cholembera ndi kapu yake.

Wa Kabaza pa Roundabout: Ndiwanyamula ine bamboyo, theka la mtengo. Koma nkhandwe ya sokosiyo ndikaivale ine.

Tenanti wa ku Mbayani: Ndabweranso. Madzulo ano ndinawapeza amayi aja akuchapa pa mpope. Ndinayamba n'kupepesa za mawu akuti mbava aja, anangoti "hmm." Ndiye ndinafunsa za makala. Poyamba anati sizikundikhudza. Ndinakhalabe pomwepo ndikutsuka ndowa yoyera kale. Kenako anati mwana wawo wachiwiri ali ndi mphumu, utsi wa mbaula ukangolowa m'nyumba usiku wake sagona, chaka chatha anagonekedwa naye kawiri. Zaka ziwiri khomo ndi khomo, ine osadziwa. Tagwirizana kuti iwo aziwonjezerapo pa mayunitsi, ndipo nyemba aziviika usiku kuti zisamachedwe kupsa. Koma a nyumba yachitatu akana, akuti nawonso awachotsereko chifukwa alibe filiji, ndipo ayamba kuwerenga mababu a m'nyumba mwanga. Tikumana Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, alandilodi akhalapo.

Aphunzitsi a ku Machinjiri: Mababu muli nawo angati?

Tenanti wa ku Mbayani: Asanu ndi limodzi. Ndi ayironi. Za ayironiyo sakudziwa.